Mabatire anayi a abwana: nditumize kumudzi kapena ndiswe?

aPhiri a ku Cosmo: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ndikufuna mundithandize nzeru. Abwana anga ku Randburg, muno mu Johannesburg, achotsa mabatire a inverter aja anagula nthawi imene load shedding inavuta kwambiri mu 2023, aika la lithium limodzi lapakhoma, nde akale aja anayi andiuza kuti tenga uone nawo chochita. Ndi akuluakulu aja olembedwa 100Ah, limodzi lokha kulinyamula msana umachita kumva. Panopa ali kuseri kwa chitseko mchipinda mwathu, nanga si mukudziwa mmene zipinda zakuseri kuno zimachepera. Maganizo anga anali oti awiri amene akuoneka abwinoko nditumize kwathu ku Nkhotakota aziunikira ndi kutchajira mafoni, awiri otheratuwo ndiswe ndichotsemo mtovu chifukwa alamu anga ndi asodzi, amadandaula kuti mtovu womangirira ku maukonde ukudula. Koma mayi akunyumba aona chizindikiro pambali pa batire, bini yokhwatchidwa ndipo pansi pake palembedwa Pb, basi akanitsitsa kuti zimenezi sizigona mnyumba muli mwana. Kodi chizindikirochi chimatanthauza chani kwenikweni? Pali lamulo lake kapena amangolembapo?

aBanda Transport: Achimwene musataye amenewo, kumudzi ndi chuma. Ine ndikunyamuka Lachisanu, Beitbridge, Tete, kukalowera pa Dedza, ndipo ku Nkhotakota ndili ndi mnyamata amafikitsa katundu mpaka pakhomo. Mabatire anthu amatumiza kawirikawiri, ena ndi ma solar omwe.

Nachisale: aPhiri mwana wanuyo ndi wamkulu bwanji?

aPhiri a ku Cosmo: Chaka ndi miyezi iwiri achemwali, wangoyamba kumene kuyenda, chilichonse watola ndi kukamwa.

Nachisale: Ndiye mayi akunyumbawo akunena zoona, amvereni chonde. Mabatirewo asagone mchipindamo usiku uno.

Amalume a ku Mayfair: Safunsa anadya phula. Mwachita bwino kubwera nayo pano mwana wanga. Tiyeni timve kwa amakaniko, amagwira zimenezi tsiku ndi tsiku.

Makaniko wa ku Booysens: Zikomo amalume. aPhiri hamala ija ikhale kaye pansi. Ine ntchito yanga ndi yomanga mabatire mu shopu, nde ndikuuzani zomwe ndimaona. Pb ndi mtovu womwe mukuufunawo, ndi mmene amaulembera a sayansi. Bini yokhwatchidwa ikutanthauza kuti chinthu ichi sichilowa mu bini ya Pikitup, otola zinyalala mu mzinda muno, limodzi ndi makoko a mbatata. Mukaona Cd ndi cadmium, mukaona Hg ndi mercury, yemwe uja ma zama zama, okumba mmigodi mozemba aja, amagwirira golide. Batire ngati lanulo limalemera cha mma 30 kg ndipo kupitirira theka la kulemerako ndi mtovu, kwinako ndi pulasitiki ndi asidi. Anthu ambiri amaona ngati mtovu ndi mapuleti otuwa aja basi, ayi, pa mapuletipo amamatapo phala lomwenso ndi la mtovu, nde batire likamakalamba phala lija limayoyoka nkukhala matope pansi pa chibokosicho. Mukaswa, matope aja amatayikira pabwalo limodzi ndi asidi, akauma asanduka fumbi, ndipo fumbi lake simungalisiyanitse ndi dothi wamba. Limakhala pansapato, pa ovolosi, mzikhadabo, mumalowa nalo mnyumba osadziwa. Ndi limene mwana wokwawa amadya. Kusungunulanso ndiye kumaposa pamenepo chifukwa mtovu suchedwa, pa madigiri 327 wayamba kale kuyenda, mbaula wamba imakwanitsa, ndipo utsi wake wopuma ndi inu ndi aneba onse pa yadipo.

Nangozo: Ndiwonjezereko za lamulo poti aPhiri afunsa, ine ndikuphunzira chemistry ku University of Johannesburg ndipo nkhaniyi tinaidutsa. Manambala otchuka amene makampani ambiri amatsatira ndi a ku European Union. Lamulo lawo la mabatire la 2006 linati batire lisakhale ndi mercury wopitirira 0.0005 peresenti ya kulemera kwake, ndipo mabatire ang'onoang'ono onyamulika mmanja asapitirire 0.002 peresenti ya cadmium. Mtovu nthawi imeneyo sanauikire malire, anangoti ukapitirira 0.004 peresenti palembedwe Pb kuti wogula adziwe. Mu 2023 anatulutsa lamulo latsopano, nambala yake 2023/1542, ndipo kuyambira pa 18 August 2024 mabatire ang'onoang'ono aja saloledwa kupitirira 0.01 peresenti ya mtovu. Ma zero amenewa amazunguza mutu, nde tiyerekeze ndi thumba la chimanga la 50 kg. Mercury wololedwa ndi kotala ya galamu, ngati njere imodzi ya chimanga mthumba lonselo. Cadmium ndi galamu imodzi, njere zitatu kapena zinayi. Mtovu ndi magalamu 5, sudzaza ndi chikhatho chomwe. Tsopano batire la aPhiri pa muyeso womwewo, mtovu wake ndi kupitirira theka la thumba.

Mai a Mphatso: Iii njere imodzi mthumba lonse? Ndiye batire la galimoto ndi loletsedwa ku Ulaya?

Nangozo: Ayi amayi, magalimoto awo akulizabe ndi lomwelo. Malire a mtovu aja ndi a mabatire otsekedwa osapitirira 5 kg, a tochi, wailesi, rimoti, wotchi, zidole za ana. Mmenemo mtovu ulibe ntchito yoti sangaisiye, nde akhoza kulamula kuti uchoke. Koma batire la galimoto kapena la inverter mphamvu yake imachokera mu mtovu momwemo, ukauchotsa palibenso batire. Ndiye pa amenewa lamulo silinena za kuchuluka, limanena za komwe batire lipite likafa, kuti libwerere kwa wogulitsa, likaphwanyidwe ku fakitale yovomerezeka. Apa ndi pomwe ife timagwera, chifukwa manambala okongola aja satetezako mwana wa aPhiri, chomuteteza ndi komwe mabatire anayiwo athere.

aBanda Transport: Ine ndikumva zonsezi koma tilankhule chilungamo abale. Amenewo ndi malamulo a anthu oti magetsi ali nawo mpaka mchimbudzi. Kwathu ku Dedza ESCOM sinafike mudzi mwathu, mayi anga amayenda mtunda kukatchajitsa foni pa trading, ana a mlongo wanga akulemba mayeso a folomu 4 ndi kandulo. Batire limodzi ndi ka solar zimasintha nyumba yonse. Nde munthu wapatsidwa anayi aulere timuuze kuti akapereke kwa azungu omwewo? Komanso ife tinakula tikuswa mabatire a wailesi, zakuda zija tinkapaka pa bolodi kusukulu, amayi ankasakaniza ndi dothi pozira mnyumba, bwanji tilipo mpaka lero?

Amalume a ku Mayfair: aBanda apo mwanena zoona zokhazokha za mdima wakumudzi, palibe angatsutse. Zopaka pa bolodi inenso ndinapaka, aphunzitsi ankachita kutituma kuti Lolemba aliyense abwere ndi mabatire akutha, manja ankada bii ndipo tikatero tikadya zitumbuwa osasamba. Koma mawu oti tilipo mpaka lero ine ndimawaopa. Ndafika zaka zoti ndikawerenga anzanga a BP ndi a impso ndi ambiri kuposa a bwinobwino, sindikunena kuti ndi mabatire, koma palibe anatiyezapo kuti tidziwe. Ndinabwera kuno petulo akadali wa mtovu, tinkangopuma utsi wake pa renki, anadzausiya kumayambiriro a 2006. Nthawi yonse ija tinkati tili bwino. Boma silikanachotsa chinthu mu petulo wa dziko lonse chikanakhala chopanda vuto.

Nangozo: Amalume zakuda zija kwenikweni ndi manganese ndi kaboni, koma chitini cha zinc chomwe chimakutira ndi chimene chimakhala ndi nkhani. Kale opanga ankathiramo mtovu ndi cadmium pang'ono kuti zinc asavute kupinda komanso asadyeke msanga, ndipo mercury ankamuika kuti batire lisamatulutse mpweya nkufufuma lili mu shelefu. Ku America anachita kukhazikitsa lamulo mu 1996 lochotsa mercury mu mabatire wamba. Ndipo musaganize kuti lamulo likalembedwa basi zatha. Ku Germany bungwe lawo loona zachilengedwe, Umweltbundesamt, linayezetsa mabatire 300 ogulidwa mmashopu wamba, zotsatira zinatuluka mu 2013, anapeza kuti pa mabatire a zinc-carbon, otchipa aja, pafupifupi theka anali ndi cadmium wopitirira mlingo wololedwa. Ku Germany kumeneko, komwe amayeza. Nde ganizirani katoni yomwe yangotsika mu kontena nkupita pamsika popanda woiyang'ana.

Mnyamata wa pa Bree: Achemwali apa mwandikhudza. Ine ndimagulitsa tinthu pa tebulo pafupi ndi renki, ma charger, maloko, ndi mabatire a AA anayi anayi mu pulasitiki, ndimapikula ku ma wholesale a mtauni. Ndiye ndikuphwanya lamulo kapena? Ndikufunsa moona mtima chifukwa ogula ambiri ndi azimayi ogulira zidole za ana.

Makaniko wa ku Booysens: Aise usadandaule kwambiri, lamulo la kuno likuloza kwa opanga ndi oitanitsa katundu kunja, osati iwe wa patebulo. Ndifotokoze momwe ndikudziwira kuntchito. South Africa ili ndi lamulo la zinyalala, Waste Act ya 2008. Pansi pake mu August 2013 anatulutsa mndandanda wa zinthu zoletsedwa kukataya kudzala la boma ngati Robinson Deep paja pa Turffontein. Mabatire a mtovu anawaletsa nthawi yomweyo, mabatire ena onse anapereka zaka 8, nde kuyambira August 2021 olo ka AA sikayenera kuthera kumeneko. Kenako kunabwera zomwe amati EPR, kutanthauza kuti wopanga kapena woitanitsa chinthu udindo wake sutha akagulitsa, akuyenera kulipira kuti chikatha chitoleredwe. Zinayamba mu 2021 ndi zamagetsi, mababu ndi zokutira katundu, mu March 2023 anaonjezera mabatire ang'onoang'ono. Ndi chifukwa chake mmasupamaketi ena akuluakulu mumapeza kabokosi pakhomo koponyamo mabatire akutha. Iwe chomwe ungachite, popikula uziona ngati paketi ili ndi dzina la kampani ndi keyala yake, ndipo olembedwa alkaline amakhalitsa kuposa opepuka aja olembedwa heavy duty, kasitomala wako agula kamodzi mmalo mwa katatu. Ika chigubu chopanda kanthu pansi pa tebulo uziuza anthu kuti akutha azibweza, chikadzaza ukakhuthule mu kabokosi kaja.

Mnyamata wa pa Bree: Chigubu ndili nacho cha 5 lita, mawa chiyamba ntchito. Zikomo biggy.

Nangozo: Pa mercury pokha pali pangano la dziko lonse, Minamata Convention, linasainidwa mu 2013, linayamba kugwira ntchito mu 2017 ndipo South Africa inalowamo mu 2019. Linati pofika 2020 mabatire a mercury asiye kupangidwa ndi kudutsa mmalire, kupatula timabatani tina ta wotchi ndi ta makina othandiza kumva tokhala ndi mercury wosakwana 2 peresenti, natonso pa msonkhano wa 2023 anagwirizana kuti tithe pofika 2025. Dzinalo ndi la tauni ya ku Japan komwe fakitale inkatayira mercury mnyanja, anthu nkumadya nsomba, matenda ake anadziwika mu 1956, anthu kunjenjemera, kulephera kuyenda ndi kulankhula, ana kubadwa olumala. Cadmium nayenso anaonekera ku Japan konko, chigawo cha Toyama, madzi ochokera ku mgodi ankathirira mpunga, anthu impso kuonongeka mafupa kumathyoka okha, matendawo anawatcha itai-itai chifukwa ndi mmene odwalawo ankalirira, ngati ife tikamati mayo mayo. Malire onse aja anabwera maliro atachitika kale.

Mai a Mphatso: Abambo akunyumba ali ndi drill yakale ya batire anaipeza ku piece job, palembedwa Ni-Cd. Ndi yomweyo?

Nangozo: Ndi yomweyo amayi, Cd ameneyo ndi cadmium ndipo mmenemo si njere zitatu ayi, ndi mbali imodzi yonse ya batire. Ku Ulaya ma drill anawalola kwa kanthawi koma chilolezocho chinatha kumapeto kwa 2016. Likakhala losasweka angagwiritse ntchito, koma likafa lisapite pamoto ndi zinyalala, utsi wa cadmium umaononga mapapo.

Nachisale: Ine ndakhala chete ndimafuna ndimalize kumwetsa agogo mankhwala. aBanda ndikuyankheni ngati mayi, osati mokangana. Ine ndimagwira ntchito yosamalira odwala ndipo nkhani ya mtovu inandigwira mtima kalekale. Vuto lake mwana sagwa pansi tsiku lomwelo kuti muthamange naye kuchipatala. Amangokhala wosafuna kudya, magazi ochepa, mmimba kupweteka, wokwiyakwiya, kulankhula kuchedwa, akafika kusukulu zinthu sizilowa, ife nkumamukalipira kuti ndi waulesi kapena kumaloza agogo ena mmudzi kuti amulodza. A WHO amanena poyera kuti palibe mlingo wa mtovu mmagazi umene ungatchedwe wabwino, ndipo mwana akameza thupi lake limayamwa kanayi kapena kasanu kuposa wamkulu. Umakabisala mmafupa ndi mmano zaka zambiri, mtsikana akadzakula nkutenga pakati umatuluka mmafupa muja nkupita kwa mwana ali mmimba. Zomwe waononga mu ubongo sizibwerera. UNICEF ndi Pure Earth mu 2020 anati mwana mmodzi mwa atatu aliwonse padziko, mpaka 800 miliyoni, ali ndi mtovu wofika 5 micrograms pa decilitre ya magazi kapena kuposa, ndipo kuswa mabatire mmakomo anakutchula ngati gwero lalikulu.

Ndipo aPhiri za alamu anu asodziwo mvetserani ichi. Ku Senegal kuli dera la asodzi kunja kwa Dakar lotchedwa Thiaroye-sur-Mer. Anthu kumeneko kwa zaka ankaswa mabatire a galimoto kuchotsa mtovu, wina nkumapangira zolemeretsa maukonde, chimodzimodzi maganizo anuwa. Mtengo wa mtovu utakwera azimayi anayamba kusefa mchenga wa pamalopo kufuna tizidutswa totsalira, ena kunyamula matumba a mchengawo kukasefera pakhomo ana akusewera pomwepo. Kuchokera kumapeto kwa 2007 kufika kumayambiriro a 2008 ana 18 anamwalira. Makolo awo sanali oipa, ankasaka ya ndiwo ngati ife tomwe.

aPhiri a ku Cosmo: Achemwali mwandiopsa zedi. Ana 18.

Neba wa ku Chipata: Ine ndine wa ku Zambia koma nili pagulu pano kudala, lekani nikambeko. Kwathu Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma mpaka lelo dothi ya mma komboni yapafupi ikali na poizoni, bana bobadwa zaka zambiri mgodi utatsekedwa bapezeka nayo mmagazi. Mlandu wake unafika mpaka ku High Court ya muno mu Johannesburg mu 2020. Mtovu siuola monga makoko ya nthochi, ukagwa pa yadi wagwa.

Nangozo: Ku Kenya nakonso, ku Owino Uhuru mu Mombasa, kunali fakitale yosungunula mabatire akale pakati pa nyumba za anthu. Mayi wina dzina lake Phyllis Omido ankagwira ntchito konko, mwana wake wakhanda anadwala nkupezeka ndi mtovu mmagazi, iye anasiya ntchito nkuyamba kumenyera anthu a mderalo mpaka fakitale inatsekedwa. Mu 2020 khoti linagamula kuti anthuwo apepesedwe ndi 1.3 biliyoni ya ndalama za Kenya. Ndiye olo fakitale imapha ngati palibe woilondera, nanji mbaula ya kuseri kwa nyumba.

aBanda Transport: Chabwino za kuswa ndagonja, aPhiri musaswe, inenso ndili ndi zidzukulu. Koma awiri abwinowo bwanji? Amenewo si zinyalala, akugwira ntchito.

Makaniko wa ku Booysens: Funso ndi loti akugwiradi? aBanda ine mabatire a nthawi ya load shedding ndawalandira ambiri pa kauntala. Batire la mtovu silifuna kutsitsidwa kupitirira theka ndipo limafuna maola ambiri kuti lidzadze, nde pa stage 6, kuzima kwa magetsi kutafika poipa, magetsi ankapita lisanadzadze, tsiku ndi tsiku, mapuleti nkuuma ndi sulphate. Ambiri sanathe ndi zaka ziwiri zomwe. Ukaika mita likuonetsa 12 volts bwinobwino, ukalumikiza TV mphindi makumi awiri lagona. Ndiye aPhiri alipira transport ya 60 kg mpaka ku Nkhotakota, achibale asangalala mwezi umodzi kapena itatu, kenako lafa. Likafa kumeneko lipita kuti? Kuno ukagula latsopano umasiya lakale pa shopu, ukapanda kusiya amakulipiritsa ndalama yoonjezera, nde pafupifupi aliyense amabweza. Lole imabwera kudzatenga, ku fakitale amaliphwanya mmakina otsekedwa, pulasitiki payokha, asidi amamuzimitsa mphamvu, mtovu amasungunula mu ng'anjo ya zosefera utsi nkupangira batire lina, ndipo ogwira ntchito mmenemo lamulo la Lead Regulations la 2001 limati aziyezedwa magazi. Kumudzi batire lakufa limakhala pakhonde, ana kukhalira ngati mpando, tsiku lina wobwera ndi njinga wogula zitsulo amalitsanula asidi pansi pomwepo kuti lipepuke, kapena alamu aja alitenga ndi chikwanje. Mapeto ake kuswa komwe takana kuno kukachitikira kwathu, ife kulibe.

Amalume a ku Mayfair: Apa ndiye pagona nkhani. Ife a kuno timatumiza zinthu zotha ntchito kwathu ndi mtima wabwino, mafiriji, ma TV, mabatire, ndipo palibe chimabwerera.

Nangozo: Komanso aBanda dziwani ichi poti ndinu amene mumaima pa boda. Batire la mtovu lakufa limawerengedwa ngati zinyalala zoopsa pansi pa Basel Convention ya 1989, ndipo South Africa, Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi onse ali mmenemo. Kudutsitsa zinyalala zotere kumafuna chilolezo cha maiko onse, lotumiza, odutsamo ndi lolandira. Logwira ntchito ndi katundu wamba wa kaunjika, koma lakufa ndi nkhani ina. Kwathu oyang'anira zimenezi ndi a MEPA, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la zachilengedwe la 2017.

aBanda Transport: Ine ndimaganiza kuti pobwerera ndizitolera akufa kumudzi ndizibwera nawo kuno kudzagulitsa, galimoto imabwera yopepuka.

Nangozo: Mtima wake ndi wabwino koma ndi pomwe pakufunika mapepala aja, mukafunse kaye ku MEPA musanakweze olo limodzi.

aBanda Transport: Ndikafika ku Lilongwe ndikafunsa. Koma funso langa la mdima lija palibe wandiyankha. Mayi anga aziunikira chani?

Makaniko wa ku Booysens: Ndikuyankheni. Mabatire anayi a aPhiri ali ndi mtengo olo atafa, ogula ovomerezeka amalipira pa kilo ndipo 120 kg si yochepa. Ndalama imeneyo kuphatikiza yomwe akanakulipirani ponyamula, agule ka solar kakang'ono ka mababu atatu kapena anayi kokhala ndi potchajira foni, kobwera ndi batire lake la lithium mkati. Kamalowa mu chikwama, mulibe mtovu, mulibe asidi wothira, ndipo a mtundu wa LiFePO4 amapirira kutchajidwa kambirimbiri kuposa a mtovu. Nawo a lithium akatha sapita pamoto kapena mchimbudzi, ndipo osawaboola chifukwa amayaka, koma kunyumba ya ana ine ndingasankhe amenewo. Ngati akufuna batire lalikulu la TV kapena la shopu yometera, bola kutumiza ndalama akagule latsopano komweko kwa wogulitsa amene amalandira lakale.

Mai a Mphatso: Poti tikunena za ana ndionjezere kamodzi. Timabatire tozungulira ngati ndalama tija ta mu rimoti ya geti ndi makiyi a galimoto, madamu anga amatisiya paliponse. Mwana akameza kamatha kukakamira pakhosi nkuotcha mnofu mu maola awiri okha. Mukakayikira kuti wameza thamangani kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti katuluka kokha, osamusanzitsa.

Nachisale: Zoona amayi. Ine ndikachotsa kakutha ndimakamata selotepi mbali zonse nkuika mu botolo lotseka pamwamba pa kabati.

aPhiri a ku Cosmo: Abale ndathokoza, ndawerenga zonse kawiri. Ndafika kunyumba tsopano, tawatulutsa ndi mnzanga wa chipinda chinacho, tawaika kuseri pa mapulanga tavindikira ndi lata, ana a pa yadi sangafikeko chifukwa pali waya. Limodzi ndaona lili ndi zoyera zoyera ngati mchere pa mitu yake ndipo pansi pomwe linakhala panyowa pang'ono. Mayi akunyumba akufuna asese.

Nachisale: Asasese ndi tsache, fumbi liuluka. Avale magolovesi kapena majumbo mmanja, apukute ndi sanza yonyowa, sanzayo aimange mu jumbo isabwererenso mnyumba. Mwana akhale panja kaye ndi wina. Inu sambani mmanja ndi sopo musanamunyamule, ndipo malaya mwavalawo achapidwe paokha.

Makaniko wa ku Booysens: Ponyowapo awazepo kaye soda wophikira uja wa bicarbonate, achita thovu, thovu likasiya ndiye apukute. Ndi asidi ameneyo, asakhudze mmaso. Mabatirewo akhale choimirira, osagoneka, ndipo pasakhale chitsulo chogunda mitu iwiri nthawi imodzi. Loweruka timatsegula mpaka 1 koloko, mukabwera nawo ndiwayeza onse anayi ndi load tester inu mukuona. Likapezeka lamoyo ndithu ndikuuzani chilungamo, mukhoza kugwiritsa ntchito konkuno komwe likafa muli ndi kolibweza.

aPhiri a ku Cosmo: Vuto ndi kanyamulidwe, mu taxi sangandilole ndi zinthu zinayi zimenezi, kuchokera ku Cosmo mpaka ku Booysens ndi ma taxi awiri.

aBanda Transport: Ulendo wa Lachisanu ndausunthira Lamulungu, katundu wina sanafike. Loweruka mmawa ndili ndi pick up ku Honeydew, ndidutsa ndi bakkie cha mma 8, ndikutengani ulere. Mupeze makatoni oyala pansi ndi chingwe.

Nachisale: Ndipo mukapita ku sikelo ndi mwana muwauze anesi kuti mnyumba munali batire lodontha masiku angapo, mufunse ngati angamuyeze mtovu mmagazi. Akhala masiku angati mchipindamo?

aPhiri a ku Cosmo: Kuyambira Lamulungu, lero ndi tsiku lachinayi. Sikelo yake ndi Lachiwiri likudzali, ndipempha abwana ndipite nawo ndekha ndikafotokoze bwino. Chatsala ndi kuwaimbira alamu, ndinawalonjeza kale mtovu uja ndipo akudikira, komanso ndikudziwa kuti ali ndi batire lina lakale kuseri kwa nyumba lomwe amati aswa mwezi uno. Achemwali a Nachisale ndikupempha munditumizire nkhani ya ku Senegal ija pa voice note mmene mwailembera apa, alamu kuwerenga kumawavuta koma akamva mawu a munthu amvetsa. aBanda ndikutumizirani location ku inbox.